Sensa ya M'bokosi Lonyezimira

Pa Mponela, kuseri kwa msika, panali galaja ya Anangozo, mayi amene ankakonza magalimoto pansi pa mtengo waukulu wa mkuyu. Anthu a kumeneko amati mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri unabadwira pamthunzi umenewo. Nkhani yake amaikamba motere.

Gelesomu ndi mng'ono wake Lekeleni ankayendetsa matakisi a mtundu umodzi, ogulidwa chaka chimodzi. Koma m'maso mwa Gelesomu, galimoto ya mng'ono wake ndiyo inkawala kwambiri. Munthu akadutsa yake n'kukakwera ya Lekeleni, tsiku limenelo Gelesomu ankangonyinyirika mpaka madzulo.

Chaka china mafuta anasowa, ndipo awiriwa ankagula a m'zigubu kwa mavenda. Posakhalitsa magalimoto onse awiri anayamba kumwa mafuta ngati ng'ombe yaludzu, ndipo kagetsi kachikasu ka injini kanayaka osazimanso. Apa n'kuti kutatsala sabata imodzi kuti mlongo wawo Esinala akwatiwe. Ankhoswe anali atanena kale kuti mkwatibwi adzakwera galimoto ya Gelesomu, poti ndiye wamkulu. Ulemu umenewu Gelesomu ankaulera ngati dzira.

Anangozo analumikiza kamakina kawo koyezera, nafufuza mawaya, kenaka analowa kunsi kwa galimoto iliyonse.

"Mawaya ali bwino, paipi siyobooka," anatero akutuluka. "Yafa ndi sensa ya pa ekizosi. Imeneyi ndi mphuno ya galimoto. Imanunkhiza utsi n'kuuza injini mlingo wa mafuta oti imwe. Mafuta anu a m'zigubu aja aiphera konsekonse."

Mayiwo anali nayo sensa imodzi yokha, yochotsa pa galimoto imene inachita ngozi. Inali yakuda ndi mwaye, koma anali ataiyesa n'kuipeza yamoyo. Anaisungira Gelesomu. Lekeleni anaitanitsa yake pa intaneti, ndipo patapita masiku atatu inafika pa basi.

Inabwera m'bokosi lofiira la zilembo zagolide. Lekeleni atalitsegula pagalaja paja, chitsulo chinang'anima mpaka madalaivala ena anadzaunjikana kudzaona. Gelesomu anayang'ana yake yamwaye ija, mtima unamuwawa.

"Iwe Lekeleni, wonyamula mkwatibwi ndani?"

"Ndinu, achimwene."

"Nanga galimoto ya mkwatibwi iyende ndi chitsulo chotola pa mtembo wa galimoto, iwe uli pambuyo ndi chatsopano? Ukulu wanga uli pati?"

Lekeleni anaweramitsa mutu. Bokosilo analikonda, koma sanazolowere kubweza mawu kwa mkulu wake. Analipereka ndi manja awiri.

"Dikirani kaye, a Gelesomu," anatero Anangozo akuinyamula sensa yatsopanoyo m'dzanja. "Za pa intaneti zina n'zabwino, zina ayi. Iyi yandipepukira. Ndiyambe ndaiyesa."

"Muiyese kuti muipezere chifukwa, ibwerere kwa mwana wanu wapamtimayu? Ndakuonani kale. Mangani basi, amayi."

"Galimoto ndi yanu," anayankha mayiwo. Anamanga, nazimitsa kagetsi kaja ndi kamakina kawo. Yamwaye ija inapita pa galimoto ya Lekeleni.

Madzulo a Lachisanu kagetsi ka Gelesomu kanayakanso. Anakaona, koma kubwerera kugalaja kukanakhala kuvomera kuti analakwa. Anatenga kachithunzi ka mwana wake n'kukaimika patsogolo pa kagetsiko kuti kabisike.

Loweruka m'mawa anakongoletsa galimoto ndi maliboni oyera. Esinala anakwera, amayi akululutira, ndipo mdipiti unanyamuka kupita ku tchalitchi chakwawo chimene chili pamwamba pa chitunda. Atayamba kukwera chitundacho, galimoto inayamba kunjanja. Utsi wakuda unafuka mpaka atsikana operekeza amene anali pa lole yapambuyo anayamba kutsokomola. Gelesomu anaponda mafuta, injini inalira kawiri n'kuzima.

Nkhoswe yaikulu inatsika, niyang'ana wotchi.

"Abusa satidikira. Esinala, tsika mwanawe. Lekeleni, bweretsa galimoto yako kuno."

Gelesomu anaima pambali pa msewu akuona amayi akumasula maliboni pa galimoto yake n'kukamanga pa ya mng'ono wake. Lekeleni anasuzumira pawindo.

"Achimwene, kwerani kutsogolo kuno, malo alipo."

"Pita!" anakalipa Gelesomu osamuyang'ana. Galimoto ya sensa yamwaye ija inakwera chitunda osatsokomola ngakhale kamodzi.

Lolemba Gelesomu anakokera galimoto yake kugalaja. Anangozo anamasula sensa yonyezimira ija, naidula pakati ndi sowo, Gelesomu akuona. M'kati munalibe chimene chimanunkhiza utsi. Munali kawaya kamodzi komatidwa ndi guluu.

Mayiwo sanamunyoze. Anangowerama n'kutola nkhuyu yakupsa bwino imene inagwa pa boneti, yofiirira, yosalala.

"Landirani, mudye."

Gelesomu anaibanthula ndi zala. M'kati munali nyerere zokhazokha, zikuthamangira pachikhatho chake. Anaiponya pansi.

"Mwaonatu," anatero Anangozo akupukuta manja. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yamoyo ija inali m'manja mwanu, munaipereka nokha."

Madalaivala amene analipo anawatenga mawuwo n'kupita nawo m'misewu yonse, ndipo mpaka lero timawanena. Mwambiwu umatichenjeza kuti kukongola kwa kunja sikutiuza za m'kati, choncho chinthu chiyesedwe chisanakhulupiriridwe. Koma kumbukiraninso chimene chinamutseka maso Gelesomu. Bokosi lija silikanamunyenga likanakhala pa shelefu ya m'sitolo. Linamukomera chifukwa linali m'manja mwa mng'ono wake.