Chithunzi cha M'sutikesi

Kamwana, monga ankamutchulira bambo ake ngakhale anali atakula, sankaidziwa nkhope ya mayi ake. Adamwalira iye ali wakhanda, ndipo nkhani yawo m'nyumbamo inali ngati chilonda: aliyense ankailambalala.

Tsiku lina akufuna bulangete m'sutikesi ya bambo akewo, adapeza kachithunzi kakale ka atsikana awiri. Wina adaima mowongoka, wamphuno yosongoka. Winayo adali kumphepete, atatsinzina ndi kuseka, dzino lapatsogolo lili lobenthuka. Kamwana adagwira mphuno yake. Adathamanga nako kwa wojambula zithunzi.

"Mundikulitsire awa okha, ndi mayi anga. Osekawa muwadule."

"Mwafunsa kunyumba kuti mayi anu ndi ati, achemwali?" adafunsa wojambulayo.

"Ndifunsirenji? Mphunoyi simukuiona? Ndi yangayi."

Kunena zoona, sikunali kudzidalira kokha. Ankaopa kuona bambo ake akulira.

Chithunzi chidabwera m'galasi, chachikulu ngati zenera, ndipo adachipachika pabalaza. Bambo ake pobwera kuntchito adaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kamwana, azakhali ako akupatsa chiyani kuti uwapachike pamenepa? Munthu woti akadali moyo, ndipo dzana lomweli amandilalatira pafoni?"

"Azakhali?"

"Mlongo wanga ameneyu, asananenepe. Mphunoyo ndi yakwathu, mwanawe. Mayi ako ankati tikhoza kuboolera chitini."

Kamwana adakhala pansi, manyazi ndi misozi zikulimbirana malo. Adatulutsa kachithunzi kaja m'chikwama, n'kuwapatsa osawayang'ana. Bambowo adavala magalasi, chala chawo n'kupita kumphepete, pa mtsikana wotsinzina uja.

"Awa ndi amene ndinawadulitsa," adanong'ona Kamwana.

"Mayi ako ndi amenewa. Wojambula adati asatekeseke, iwo n'kuphulika chiseko. Sankatha kudziletsa." Adamwetulira. "Umafuna nkhope yako pa iwo? Siili pamphuno. Ukamaseka kukhitchiniko, ine ndimatembenuka."

"Bwanji simunandiuzepo, ababa?"

"Ndimadikira kuti undifunse. Ndimayesa sukufuna kumva."

Adasunthira pampando kuti mwana wawo akhale pafupi, nayamba kusimba kuyambira pa dzino lobenthuka lija.

M'mawa mwake Kamwana adabwerera kwa wojambula, kachithunzi kali m'manja, kuti akakulitse osekawo. Mkuluyo adangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kulandira kachithunziko. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.