Ampulifaya ya a Gilibati

Pa Nathenje, kuseri kwa masitolo oyang'ana msewu waukulu, kunali nyumba yamalata ya a Gilibati, munthu amene anapuma ukapitawo pa esiteti ya fodya koma osapuma kulamula. Zaka zimenezo matipate anali atangofika ndipo aliyense ankalankhula zakukhosi, kupatula m'nyumba imeneyi. Mmenemu chipani chinali chikadali chimodzi, akazi awo, mayi Idesi, ali membala wongowomba m'manja.

Mlamu wawo Matthews, woyendetsa thiraki ya ku Joni, anawabweretsera ampulifaya yakuda yolemera ngati mwala wa mphero. Kumbuyo kwake kunali timabowo tofiira, toyera ndi tachikasu, tothinana ngati chisa cha njuchi.

"Alamu, iyi si wailesi wamba," anatero Matthews. "Deki yoseweretsa matepi a vidiyo imathira mawu ndi chithunzi mmenemu, iyoyi n'kumagawa, mawu kumasipika, chithunzi ku TV. Bwanji ndikulumikizireni ndisananyamuke?"

"Ine ndinkaliza jenereta ya pa esiteti inu mukadavala kabudula wa sukulu," anayankha a Gilibati. "Zingwe ndi zingwe basi. Muyende bwino."

Mwana wawo Kettie anali atangokwatiwa ndi Yona wa ku Mitundu, ndipo ukwatiwo unajambulidwa pa vidiyo. Tepi itafika, a Gilibati anatumiza uthenga kwa makolo a Yona kuti abwere Lamulungu, adzaone mmene anthu otsogola amaonerera ukwati. Mayi Idesi anapempha kuti ayeseko kaye zipangizozo alendo asanafike.

"Amayesa ndi wokayika," anawadula pakamwa.

Lamulungu masana alendo anatsika matola, Kettie ndi Yona patsogolo, makolo pambuyo atanyamula nkhuku ndi mkoko wa nthochi. Anansi anadzaza pakhonde, ena anasuzumira pamazenera. A Gilibati anagwada kuseri kwa ampulifaya n'kulowetsa chingwe chilichonse pabowo la mtundu wake, pakuti kwa iwo chachikasu chinali chachikasu. Tepi inalowa. Masipika anabangula nyimbo ya kwaya mpaka malata kunjenjemera. Koma TV inangoti mbee, ngati thambo la mu Okutobala.

Anthu anadikira. Anamva nthungululu, anamva abusa akudalitsa mphete, osaona ngakhale chala cha mkwatibwi.

"Mawu ndiye afika bwino, asebele," anatero mayi a Yona. "Kapena nkhopezo zakwera matola a m'mbuyo?"

A Gilibati anauzira mpweya m'timabowo. Anamenya TV khofi. Anadzudzula wojambula, kenaka magetsi a boma latsopano. Thukuta linanyowetsa kolala.

"Bambo a Kettie," ananong'ona mayi Idesi, "zimitsani, alendo adye. Alamu anu akadzabwera tidzawaitananso."

"Khalani chete. Chithunzi chikufuna mphamvu." Atatero anapotokola chibatani chachikulu mpaka pamapeto.

Apa n'kuti tepi itafika paphwando, ndipo zikuoneka kuti tsiku limenelo wojambula anaima pafupi ndi tebulo la akuluakulu. Pakati pa phokoso la mbale panatuluka liwu limodzi lodziwika bwino, lomveka mpaka pasiteji ya minibasi.

"Taonani anthu a ku Mitunduwa. Mphatso yawo ndi timbale tapulasitiki, koma kudya kwake ngati dzombe. Amayi a mkwatiwo ndawaona ndi maso angawa akulonga ntchafu za nkhuku m'chikwama."

Kenaka chikhakhali cha mwini liwulo, chautali, chokhuta.

A Gilibati analumphira ampulifaya ngati yagwira moto. Batani loyamba linabweretsa mkokomo wa wailesi. Lachiwiri linabweza liwu lawo lomwe, tsopano litanenepa, likufotokoza za jekete lobwereka la bambo a Yona. Mwini zingwe sanadziwe pozimitsira. Mayi Idesi ndiwo anazula pulagi pakhoma.

Pakhonde wina analephera kudzigwira, anathawira kuseri kukaseka.

Bambo a Yona, mkulu wampingo wochedwa kukhululuka, anaimirira n'kukonza jekete lawo bwinobwino.

"Zikomo, asebele. Chithunzi sitinachione, koma mtima wanu tauona bwino lomwe."

Mayi a Yona anatola nkhuku ija pakhomo. "Iyi ndilonga ili yamoyo, kuti musavutike kundiyang'anira."

Kettie anawatsatira chowerama, misozi ili chuchuchu, pakuti iye ndiye ankapita kukagona ndi kudzuka pakati pa anthu otukwanidwawo. Ankhoswe anatha nsapato pakati pa Nathenje ndi Mitundu, ndipo nyengo yogulitsa fodya inachita kufika n'kutha mabanja awiriwa asanapatsanenso moni.

Matthews atabwerako ku Joni anasuzumira kuseri kwa ampulifaya, n'kupeza chingwe chopita ku TV chili pabowo lolandirira chithunzi m'malo mwa lotulutsira. Anachisuntha ndi zala ziwiri. TV inawala, n'kuonetsa a Gilibati ali mu suti, mafuta ali noninoni pakamwa, akuloza asebele awo ndi fupa. Woonerera anali mayi Idesi okha.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.