Chigwada cha Mphindi Zisanu

Ife amuna a kuno ku Chintheche tikamabwera kuchokera ku Halale timanyamula zinthu ziwiri: sutikesi ndi matama. Za m'sutikesi zimatha msanga, pakuti abale ndi ambiri. Matama ndiwo amakhalitsa. Koma anga, ine Zebron Longwe, adathera tsiku limodzi mu Juni wa 1948, ndipo chidawathetsa ndi masamba.

Ndidakhala khukhi wa azungu zaka khumi ndi zinayi. Pobwerera ndidapeza mkazi wanga, anyaMhone, akuyendetsa khomo bwinobwino popanda ine. Mwana wathu Beatrice, amene ndidamusiya ali wa zaka zinayi, adali namwali, ndipo mnyamata wina wa ku Tukombo, dzina lake Lyson, adali atamufunsira. Ndinene zoona, zidandiwawa kuona kuti palibe chimene chinkadikira ine kuti ndidzachikonze. Choncho ndidayamba kukonza zosawonongeka.

Uthenga udafika woti amalume ake a Lyson, a Bizwell Kamanga, abwera Loweruka kudzaona khomo limene mphwawo akufuna kukwatirako. Mawu awo ndiwo akadamanga kapena kumasula ukwatiwo. Tsoka ilo, mwera udali utaomba sabata ziwiri. Mabwato onse adali kumtunda, usipa wouma udatha, nkhuku nazo zidapita ndi chitopa. Ndiwo yotsala idali chigwada basi, masamba a chinangwa aja.

Loweruka m'mawa anyaMhone adatulutsa mtondo. Ine ndidatulutsa apuloni.

"AnyaMhone, ikani uko mtondowo," ndidatero. "Masamba sasinja. Dona wanga ankati ukawaphika nthawi yaitali mphamvu yake yonse imathera m'madzi. Faifi minitsi basi, atuluke ali obiriwira."

"Ada, masamba a dona wanuwo adali a chinangwa?"

"Tsamba ndi tsamba."

"Chigwada si mpiru, ada. Chimafuna kuti..."

"Ndaphikira madokotala ndi majaji ine," ndidawadula. "Lero ndiphunzire kwa mtondo?"

Adandiyang'ana pang'ono, nati, "Yewu, ada. Phikani." Pambuyo pake adandiuza kuti ankaganiza kuti ndikangolawa ndisiya ndekha. Zaka khumi ndi zinayi zidawaiwalitsa mwamuna amene adakwatiwa naye.

Kumunda ndidapita ndekha. Tinsonga tanthete ndidatilambalala, n'kumathyola masamba akuluakulu okhwima, chifukwa ndiwo ankaoneka ngati sipinachi wa ku Halale. Ndipo ndidawathyola ku chinangwa chowawa chija chopangira kondowole. Ndidakulira kondowole ine, koma sindidafunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chimene amayi amaviikira chinangwacho m'madzi masiku angapo asanachiyanike. Mwamuna wa kuno ntchito yake n'kusamba m'manja. Masambawo ndidawadula ndi mpeni, ndidawaponya m'madzi owira, wotchi ili m'dzanja. Zitakwana mphindi zisanu ndidaphula, n'kuwaza mchere, n'kuyala bwino m'mbale yoyera. Kukongola kokha, palibe akadanditsutsa.

A Bizwell adafika masana, munthu wofatsa, mkulu wa mpingo. Titapatsana moni tidakhala awiri pakhonde, iwo n'kupemphera, ndipo tidayamba kudya. Nthongo yoyamba idandiuza zonse. Kuwawa kwake kudakwera mpaka m'makutu, masamba ali gwa ngati ndikutafuna chiguduli. Apa munthu wanzeru akadapepesa n'kuitanitsa ndiwo zina. Ine ndidameza, n'kumwetulira.

"Umu ndi mmene amadyera ku Halale, a Kamanga."

"Chakoma mwachilendo," adayankha, maso ali ndi misozi.

Mlendo sangasiye ndiwo imene mwini khomo waphika ndi manja ake, ndipo mwini khomo sangasiye mlendo akudya. Tidadya choncho, aliyense kudikira mnzake kuti asambe m'manja, mpaka mbale idayera.

Lisanathe ola mutu udayamba kulemera, khonde likuzungulira. Nkhani ya ukwati tisanaiyambe n'komwe, tonse awiri tidapezeka kuseri kwa nyumba, aliyense atakumbatira nthochi yake, tikubweza zonse za ku Halale. AnyaMhone adatisamalira usiku wonse. M'mawa mwake a Bizwell adatsanzika mwaulemu, koma za Lyson sadatchulepo.

Pofika Lachitatu, kuyambira ku Tukombo mpaka ku Bandawe anthu ankati kwa a Longwe amadyetsa alendo mankhwala. Ena adati sitikumufuna mkamwiniyo. Lyson, amene ankadutsa pakhomo pathu kawiri pa sabata ngati wasochera, sadaonekenso. Beatrice adaleka kudya. Tsiku lina ndidamupeza atakhala pamtondo, maso atatupa, ndipo ndidayamba kufotokoza za dona wanga.

"Ada," adandidula motsitsa mawu, "amama mudawakana, chabwino. Mukadafunsa ine. Ndidayamba kusinja chigwada ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Inu kudalibe."

Ndidachita manyazi amene sindidawamvepo chibadwire. Mwana wanga ankataya banja chifukwa cha ine, munthu amene ndidangobwera dzana.

M'mawa mwake ndidauyamba wapansi ulendo wa ku Tukombo, wopanda tayi. Ndidawauza a Bizwell kuti m'ndiwo muja mudalibe mankhwala ena koma uchitsiru wanga. Adaseka mpaka kutsokomola, kenaka adavomera kubweranso, koma adati aphike mwanayo.

Tsiku limene adabweranso ndidakhala pakhomo la khitchini ngati mwana wa sukulu, ndikufunsa chilichonse. Beatrice adathyola nsonga zanthete zokhazokha. Adazisinja mpaka zidasalala, nati kusinjako ndiko kumatsegulira njira ululu wa chinangwa kuti utuluke. Adaziwiritsa ndi chidulo mumphika wosavindikira, nthawi yaitali, mpaka fungo loluma m'mphuno lidatha. Pamenepo ndiye adathira matimati, mchere ndi nsinjiro, n'kutakasa mpaka zidagwirana.

"Dona wanu sadaname ayi," adandiuza akupukuta thukuta. "Mpiru ndi nkhwani sizifuna kuchedwa pamoto, zimafa kukoma. Koma tsamba lililonse lili ndi khalidwe lake."

A Bizwell adayamba ndi kanthongo kakang'ono, mwamantha. Kenaka adasendeza mbale kufupi, ndipo adadya mpaka adapempha zina. Atasamba m'manja adatsamira khoma.

"Mwanayu timutenga, a Longwe," adatero. "Koma tsiku la ukwati inu mudzakhale ndi ife alendo kutsogolo, mutavala suti yanu, kutali ndi mafuwa."

Zidaterodi. Khukhi wa madokotala ndi majaji ndidakhala tsiku lonse manja ali pamaondo, mkulu wina atandikhalira pambali ngati mlonda, kuopa ndingadzuke kukathandiza. Ndidaona mwana wanga akuseka pambali pa mwamuna wake, ndipo ndidazindikira kuti chimwemwe chimenecho ndidatsala pang'ono kuchiphika mphindi zisanu n'kuchitaya. Yankho lidali m'nyumba mwanga momwe, m'kamwa mwa anthu awiri amene ndinkawayesa osadziwa kanthu. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.