Kamuvi Kamene Kanadula Lezina pa Mgonero

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma kale loti mvula yagwa katatu chichitikireni zimenezi, pa mpingo wina wa m'mbali mwa msewu wafumbi panali mayi dzina lake Lezina Katsekera. Nkhani yake ikufotokozedwa pano monga anaifotokozera eni ake, ndipo pamene lilime lapotoza, Ambuye akhululuke.

Mwamuna wa Lezina, Lufeyo, ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni, ndipo chimenechi chinali chaka chachitatu asanabwere. Mkazi wa munthu wa ku Joni amayenda maso a anthu ali pamsana. Lezina ankadziwa zimenezi. Sankaima ndi mwamuna panjira, sankachedwa ku chigayo. Analowa kalasi ya gulu la amayi chaka chathunthu, mpaka nthawi yoti avekedwe yunifolomu inakwana. Bulauzi yoyera anaichapa ngakhale inali yatsopano. Apongozi ake aakazi anabwera kutatsala sabata yathunthu kuti adzaone ndi maso.

Zolengeza za pa mpingopo zinkalembedwa pa laputopu imene mpingo unalandira ngati mphatso. Wolemba anali Enelesi, msuweni wa Lezina, mayi wamasiye wa ana anayi. Awiriwa ankapatsana moni wa pakamwa chabe, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti Lufeyo asanafunsire Lezina anayamba wafunsira Enelesi.

Lamulungu lotsogolera mwambowo abusa anali ku nthambi ina. Amene anaimirira ndi pepala la zolengeza anali mkulu wa mpingo, a Gwedemula. Anawerenga maina a amayi odzavekedwa, koma la Lezina silinamveke. Kenaka anafika pa mutu wa odulidwa pa Mgonero, anthu amene mpingo wawaimitsa chifukwa cha tchimo. Anatchula awiri amene nkhani zawo zinali zodziwika kale. Anaima. Anakonza magalasi, natsokomola, natchula dzina lachitatu.

"Mayi Lezina Katsekera."

Mayi akadulidwa mwamuna wake ali ku Joni, palibe amene amafunsa chifukwa chake. Aliyense amakhala kuti wadziyankha kale. Apongozi ananyamula chitenje chawo natuluka nyimbo isanayambe. Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itafika ku Joni pa foni.

Abusa atabwerera Lachiwiri anagwira pakamwa. Ananena kuti mlandu wa Lezina sunabwerepo m'bwalo la akulu a mpingo, ndipo Lamulungu lotsatira analengeza kuti panali kulakwitsa polemba. Koma Lufeyo anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti abusa amadziwa kuphimba nkhosa zawo. Anati pepala silidzilemba lokha. Ngati mkazi wake ndi wosalakwa, aimirire munthu pamaso pa mpingo, amayi ake ndi ankhoswe ali pomwepo, anene ndi pakamwa pake kuti wolakwa ndine. Kupanda apo, mwezi ukatha Lezina abwerere kwawo.

Lezina sanalire. Bulauzi ija anaipinda naiika pansi pa matiresi. Anakana kuvekedwa pamodzi ndi anzake, nati adzavala dzina lake likatsukidwa. Mumtima mwake wolakwa anali atam'peza kale, ndipo polima, potunga madzi, ngakhale popemphera, ankangobwereza mawu amodzi akuti mlandu suola.

Tsono panali chinthu chimene Lezina ankadziwa. Chimwalirireni mwamuna wake, Enelesi ankatcheza kachasu kuseri kwa nthochi za kudimba kwake, n'kumagulitsa mobisa kwa anthu a mudzi wina kuti ana adye. Lezina anaziona zaka ziwiri zapitazo nakhala chete, poti magazi ndi amodzi. Tsopano anapita kwa akulu a mpingo awiri, nawatsogolera kudimbako dzuwa lili paliwombo. Anapeza moto ukuyaka, mphika uli pamafuwa, botolo likudontheredwa. Enelesi anadulidwa pa Mgonero, iyeyo ndiye zenizeni, ndipo laputopu anam'landa. Ogula aja nawo anathawa, poopa kutchulidwa maina.

Atakumana pa mjigo, Enelesi anatula ndowa nayankhula motsitsa mawu.

"Asuweni, mwandivula. Koma ine sindinafune. Kamuvi ka pa laputopu paja kamadumpha kokha."

"Kadumpha maina onse aja n'kukasankha langa?" anayankha Lezina. "Kali ndi maso kamuviko? Kapena nako kanafunsiridwapo ndi a Lufeyo?"

Amayi a pa mjigo anaseka, ena anayang'ana pansi. Lezina anasenza ndowa yake. Anali asanakhute. Chimene ankafuna chinali kuona Enelesi ataimirira kutsogolo kwa mpingo, akuvomera kuti anachita dala.

Abusa ataona kuti nkhani ya kamuvi ikumveka pakamwa pa Enelesi nthawi zonse, anaganiza zotengera laputopu ija ku boma kwa wokonza. Lezina anaumirira kuti apite nawo, kuopa kuti angakapangane zophimba. Wokonzayo anali mayi wina wonenepa, mai Chikuse, amene benchi yake inali yodzaza ndi mafoni otsegula mimba. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, kenaka anayatsa laputopu.

Anayamba ndi kupukuta kabwalo kosalala ka m'munsi mwa mabatani, kamene munthu amasisita ndi chala kuti kamuvi kayende. Anati kamatchedwa tachipadi, ndipo nthawi zina thukuta kapena fumbi zimakasokoneza. Atapukuta, kamuvi kanapitirizabe kunjenjemera, n'kuthamangira kukona chala chisanakatume. Anazimitsa kabwaloko nalumikiza mausi ya chingwe, kachipangizo kena koyendetsera kamuvi ndi dzanja. Kamuvi kanayenda mwaulemu ngati mwana wolangizidwa. Apa mai Chikuse anati ndiye kuti matenda sali m'laputopu monse, ali pakati pa kabwaloka ndi ubongo wa makina. Anafunsa kuti vutoli linayamba liti. Abusa sanadziwe. Mayiwo anatsegula pamene makina amasunga mbiri ya zimene alandira, naloza tsiku lina la mwezi wapitawo. Tsiku limenelo munthu wina analumikiza laputopu pa intaneti nailola kulandira zatsopano zonse.

Anafotokoza kuti muli kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene ntchito yake ndi ngati ya womasulira mlaliki wachilendo: kamamva zimene chala chikunena pa kabwalo, n'kuuza makina. Kakale kankadziwa kusiyanitsa chala ndi chikhatho. Tsiku lija kanachotsedwa, n'kulowa kena kosadziwa bwino chinenero cha kabwaloka. Tsono munthu akamalemba, chikhatho chikangokhudza pang'ono, womasulira watsopanoyu amauza makina kuti mwini wake walamula kusamukira pamzere wina.

Lezina anafwenthera kumbali. Anati amenewo ndi mawu a anthu ophunzira pofuna kupulumutsana.

Mai Chikuse sanatsutse. Anachotsa mausi ija, nayatsanso kabwalo, natsegula pepala lenileni la zolengeza za tsiku lija. Anaika kamzere kophethira, kosonyeza polowera zilembo, pansi pa maina a amayi ovekedwa, natembenuzira laputopu kwa Lezina.

"Mayi, lembani nokha dzina lanu. Musafulumire."

Lezina ankadziwa kulemba pa foni basi. Anaweramira mabatani, nasaka chilembo chimodzichimodzi, dzanja litatsamira m'munsi monga amachitira aliyense. Atamaliza anadzutsa mutu. Pansi pa amayi ovekedwa panali zilembo ziwiri zokha. Zotsalazo zinali zitakalowa pakati pa dzina la mmodzi wa odulidwa aja. Anafufuta, nayesanso, mano atalumana. Ulendo uno dzina lonse linakagwera m'munsi, pa mutu wa maliro.

Lezina anachotsa manja pa mabatani.

Mai Chikuse anabwezeretsa dalaivala wakale, nazimitsa laputopu, naiyatsanso. Anauza Lezina kuti alembenso, atsamire mmene angafunire. Dzina linakhala pamene analiika. Ntchito yonse sinathe ngakhale ola limodzi. Pobwerera, Lezina anakwera minibasi nakhala kutali ndi abusa. Mkwiyo wake sunazime ayi. Unangosowa pokhala, ngati njuchi zimene mng'oma wake wagwa.

Abusa anaitanitsa anthu atatu m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, Lezina ali pomwepo. Anafotokoza zimene anaona ku boma, nakumbutsa mawu a Lufeyo: makina savomera tchimo, pafunika munthu.

Woyamba anali aphunzitsi a Malikebu a ku sekondale, amene ankadzitcha katswiri wa makompyuta pa mpingopo. Ndiwo anatenga laputopu kupita nayo kusukulu popanda wowatuma, naidyetsa zatsopano zija. Enelesi anawadandaulira kawiri kuti kamuvi kayamba misala. Koyamba anati azolowera. Kachiwiri anaseka pamaso pa anthu, nati manja ozolowera khasu amalemera. Sanaitsegule n'komwe kuti aone. Atafunsidwa anati, "Ine ndinkathandiza mpingo. Dzina la mayiwa sindinalilembe, sindinaliwerenge. Munthu wonola mpeni ndiye wapha mbuzi?"

Wachiwiri anali Enelesi. Iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti kamuvi kakudumpha. Masabata onse ankawerenganso pepala asanasindikize, ndipo kangapo anapeza mawu atasochera nawabweza. Loweruka limenelo sanawerengenso. Dzina la Lezina linali lomaliza, analilemba maso ali pa mabatani, nasindikiza, nathamangira kudimba kumene moto unkamudikira. Anati, "Ndinanena kawiri, anandiseka. Ndalangidwa kale, ana anga akugona ndi njala. Ndiimirirenso kachiwiri? Nanga amene anandiyalutsa chifukwa cha mlandu umene sindinapalamule dala, iyeyo adzaimirira liti?"

Wachitatu anali a Gwedemula. Iwo anakhala nawo m'bwalo la akulu pamene ankaweruza odulidwa, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti anali awiri, osati atatu. Ndi chifukwa chake anaima, nakonza magalasi, natsokomola. Mtima unawauza kuti alumphe dzinalo akafunse kaye. Koma anawerenga. Anati, "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwerenga zolengeza, sindinachotsepo kapena kuonjezera liwu. Ndinaganiza kuti mwina abusa anaweruza ine kulibe. Wowerenga akayamba kusankha zowerenga, mawa mudzamukhulupirira?"

Lezina anawayang'ana mmodzimmodzi. Aphunzitsi anawada chifukwa cha kuseka kwawo. Mkulu wa mpingo anamuda chifukwa cha kutsokomola kuja, poti kunasonyeza kuti ankadziwa. Koma atafika pa Enelesi anapeza kuti ndi iyeyo amene mtima wake ukumufunabe kuti akhale wolakwa, ngakhale manja ake omwe anali ataona zoona ku boma kuja. Anakumbukira nthochi zija, ndi akulu awiri akumutsata pambuyo, ndi mwana wamng'ono wa Enelesi ataima pakhomo la dimba chala chili m'kamwa. Abusa anamufunsa ngati ali ndi mawu.

"Abusa, ine sindinaname," anatero. "Kachasu anapezeka. Koma za ine zinali zabodza. Wina aimirire basi. Akapanda kuimirira, ukwati wanga watha, ndipo atatu onsewa sadzamwa madzi ozizira ine ndili moyo."

Abusa anapemphera pemphero lalitali, koma atati ameni palibe amene anasintha mawu.

Lamulungu lomaliza la mwezi linafika. Apongozi anakhala kutsogolo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri kumbuyo kwawo, mmodzi atagwira foni yotsegula kuti wa ku Joni amve yekha. Lezina anakhala pa benchi ya amayi, bulauzi yoyera ili m'kathumba pamiyendo. Enelesi anakhala kumbuyo kwenikweni, kumene amakhala odulidwa. Nyimbo itatha, abusa anapempha kuti amene akudziwa kuti mlanduwu ndi wake aimirire. Mabenchi analira pang'ono, anthu akutembenuka kuyang'anana.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, Mulungu akupatseni mtima woweruza mofatsa. Aimirire ndani kuti ukwati wa Lezina upulumuke: aphunzitsi amene anasokoneza makina naseka wodandaula, mlembi amene ankadziwa nthendayo koma sanawerengenso, kapena mkulu amene ankadziwa zoona koma anatchulabe dzina? Ndipo ameneyo akaimirira, Lezina atsale chikhalire pa benchi, kapena nayenso ali ndi mawu oti anene kwa msuweni wake?