Mfuko, Nungu ndi Mafuta a Pansi pa Malire

Kalekale, ana inu, nyama zikadali ndi maiko awoawo, kudali dziko lina limene lidangotuluka m'nkhondo. Nyama zakuphiri zidamenyana ndi nyama zakudambo zaka zisanu ndi ziwiri. Midzi idapsa, mlatho wa pamtsinje udagwa, ndipo ana ambiri adakula osadziwa kagwiridwe ka khasu. Onse atatopa, a Nyani, mtsogoleri wa kuphiri, ndi a Njati, mtsogoleri wa kudambo, adandandalika miyala pakati nati, “Awa ndi malire. Wodumpha pano waiputa dala.” Nkhondo idathadi, koma moni sadabwerere.

Kuphiriko kudali Mfuko. Pankhondo ntchito yake idali yokumba maenje obisalamo asilikali. Mkulu wake adafera m'dzenje limene Mfuko mwini adakumba, ndipo iyeyo adatsala ndi chipsera cha munga wa nungu paphewa. Mtendere utabwera, Mfuko sankafuna zambiri. Ankangolima kamunda kake pafupi ndi malire, nkumagona msanga.

Tsiku lina akukumba kachitsime m'mundamo, adamva fungo lachilendo. Dothi lidayamba kumata m'zikhadabo. Posakhalitsa padatumphuka zinthu zakuda bii, zonanda ngati uchi, ndipo pamng'alu wapambali pankatuluka mpweya uli fwiii. Mfuko adakawauza a Nyani. A Nyani adafika, adanunkhiza, adalavula.

“Matope owola awa. Kwirira.”

Koma nkhani ili ndi mapiko. Sabata isanathe kudatera Dokowe, mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wamtali, woyera, woyankhula mofatsa ngati akutonthoza mwana. Adaviika mlomo m'zakudazo namwetulira.

“Bwana Nyani, awa si matope. Awa ndi mafuta. Kwathu amayendetsa galimoto, amayendetsa zigayo. Mpweya uwu ndi gasi, timaphikira. Taonani.”

Adayandikiza kachikuni pamng'alu paja. Moto udangoti phuu, nsidze za a Nyani nkuwauka. Koma a Nyani sadakwiye. Adaseka mpaka misozi.

“Ndiye kuti talemera?”

“Mwalemera,” adatero Dokowe. “Mlatho mumanganso, chipatala mumanga, ana anu aphunzira. Makina opopera ndili nawo ine.” Kenaka adaweramitsa khosi lake lalitali nanong'ona, koma Mfuko adamva, poti makutu a wokumba ndi akuthwa. “Vuto nlimodzi. Mtima wa mafutawa uli tsidya ilo la miyala. Anzanu aja akadzuka, adzamwa onse, inu nkutsala ndi fungo. Fulumirani, ndipo khalani ndi mikondo pafupi.”

A Nyani adafulumiradi. Adatsegula nkhokwe za dziko, napatsa Dokowe chimanga posinthana ndi mikondo yatsopano yonyezimira. Nyama zina zitafunsa chodzadya chaka chamawa, iwo adati, “Wamafuta safa ndi njala.” Atatero adaitana Mfuko.

“Iwe, ukumbe njira yopita kutsidya. Paipi ya Dokowe idzadutsa m'menemo.”

“Bwana, nanga miyala ija tidagwirizana?”

“Miyala ili pamwamba. Iwe udutsa pansi.”

“Nanga akadziwa?”

“Mikondo ndagulirenji? Kumba!”

Mfuko sadafune, koma a Nyani adawatumikira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pakamwa pake padali pasanazolowere kukana. Adalowa pansi. Pokumba ankaimba nyimbo ya okumba maenje, yomwe ankaimba pankhondo:

Kumba, kumba, Mfuko,
Wokutuma ali pamthunzi.
Kumba, kumba, Mfuko,
Dothi limadziwa wokumba.

Adakumba tsiku loyamba, adakumba lachiwiri. Lachitatu fungo la gasi lidadzaza njira yonse, mutu nkumamuwawa. Adaima kuti apume. Apo ndi pamene adamva kutsogolo kwake, kuseri kwa dothi, wina akupalasa, akuimba ndi mawu aakulu:

Kumba, kumba, Nungu,
Wokutuma ali pamthunzi.

Chipsera chija chidayamba kuyabwa. Mfuko adaganiza zobwerera mwakachetechete kukauza a Nyani kuti adani akubwera. Koma asanatembenuke, dothi lidagumuka pang'ono, pakaboowo padaoneka kuwala kofiira, ndipo adamva fungo la utsi. Adali Nungu wa kudambo, atanyamula chikuni cha moto chounikira.

“Zimitsa motowo!” adakuwa Mfuko.

Kupalasa kudasiya. “Ndani?”

“Mfuko wa kuphiri. Zimitsa moto, kuno kwadzaza mpweya woyaka!”

“Wabodza iwe. Ukufuna mdima kuti undilume pakhosi. Ndimakudziwani akuphiri.”

“Sadakuuze a Njati kuti mpweyawu umayaka?”

“Adangoti ndikumbe.”

Kuwala kuja kunkayandikira. Mfuko adaona kuti mawu sathandiza. Adadzikanikiza pakaboopo, natseka ndi thupi lake lomwe, phewa lachipsera lili kwa Nungu.

“Nali phewa langa. Ngati ukufuna kubaya, baya, si koyamba. Koma yamba wakwirira chikunicho m'matope. Ukapanda kutero, palibe amene adzapeze fupa lako kapena langa.”

Mfuko ankamva kutentha pamsana, nayembekezera munga. Kenaka adamva tsiii, chikuni chikuzima m'matope. Mdima udagwa.

Mumdimamo aliyense ankamva kupuma kwa mnzake. Woyamba kuyankhula adali Nungu, ndipo mawu ake adali atatsika.

“Chipseracho ndachiona. Mudachitenga kuti?”

“Pakhwawa la misangu, chaka chachinayi. Mkulu wanga adatsala komweko.”

“Ine ndidaliko tsiku limenelo,” adatero Nungu. “Sindidziwa ngati munga udali wanga. Tidali ambiri.”

“Inenso sindidziwa,” adayankha Mfuko. Sadanene kuti wakhululuka, ndipo Nungu sadapemphe. Patapita kanthawi Mfuko adafunsa, “Mukukumba kupita kuti?”

“Kuphiri. Kwathu kwatuluka mafuta. Kudabwera mlendo wina wamtali, woyera, adati mtima wa mafutawa uli tsidya ilo la miyala, ndipo anzanu aja akadzuka…”

“…adzamwa onse, inu nkutsala ndi fungo,” adamaliza Mfuko.

“Mwadziwa bwanji?”

“Nanga chimanga chanu chikadalipo?”

“Chidapita. A Njati adagulira zishango.”

Mfuko adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. “Ife mikondo, inu zishango. Mlendoyu ndi wolongosoka.”

Adapangana pomwepo. Adakumba choongoka kupita m'mwamba kuti mpweya utuluke, ndipo adatulukira pakati penipeni pa miyala ya malire. Kenaka aliyense adapita kwawo. Mfuko adauza a Nyani kuti, “Ntchito yatha, bwana. Mawa m'mawa mubwere ndi anthu anu mudzaone, mutengenso a Dokowe.” Nungu nayenso adauza a Njati chimodzimodzi, koma za Dokowe sadatchule.

Kutacha magulu awiri adakumana pamiyala paja. Mikondo idadzuka, zishango zidadzuka, amayi adakokera ana kumbuyo. Mfuko adali asanayankhulepo pagulu chibadwire. Komabe adakwera pamwala, Nungu naima pambali pake.

“Musanabayane,” adatero Mfuko, “aliyense ayang'ane chida cha mnzake. Pali chizindikiro chanji?”

Adayang'ana. Pamkondo uliwonse padali chidindo cha phazi la mbalame, zala zitatu. Pachishango chilichonse padali phazi lomwelo. Nungu adabwereza mawu amene Dokowe adanong'oneza a Njati, Mfuko nabwereza amene adanong'oneza a Nyani, ndipo sadasiyane ngakhale liwu limodzi.

“Ife tafika pansipo,” adapitiriza Mfuko. “Mafutawa alibe mtima kuphiri, alibe mtima kudambo. Ndi dziwe limodzi, ndipo tonse takhala pamwamba pake.”

A Njati adafwenthera Dokowe. “Nzoona zimenezi?”

Dokowe sadathawe. Adakonza nthenga zake modekha. “Ine ndine wamalonda. Mudandilandira payekhapayekha, ndiye ndidakuyankhani payekhapayekha.”

“Aphedwe!” adakuwa ena. “Athamangitsidwe!” adakuwa ena. A Nyani, amene manyazi adawagwira kuposa onse, ndiwo ankakuwa kwambiri.

“Pepani bwana,” adatero Mfuko. “Tikamthamangitsa, ndani wa ife adziwa kupopa mafutawa? Tizingowanyambita? Ndipo akachoka uyu kudzatera wina, khosi lalitali chimodzimodzi. Akhale. Koma aziyankhula pamaso pa tonse, mokweza.”

Adakhala pansi pa mkuyu masiku atatu. Sizidali zophweka. Kawiri konse a Njati adanyamuka kuti azipita, Nungu nkuwabweza. Mayi Mvuu adakana kwamtuwagalu kuti chitsime cha mafuta chikumbidwe kumtunda kwa mtsinje. “Ana anga amamwa mmenemo,” adatero, “mafuta satha ludzu.” Chidasunthidwa. Agologolo adati ana a m'dzikomo aphunzitsidwe kuyendetsa makina, asamangonyamula mapaipi. Dokowe adadandaula kuti amufinya ngati ndimu, kuti kwina kulikonse amalandira magawo asanu ndi atatu mwa khumi. Adamuuza kuti apite kwinako. Adayang'ana kumwamba, adayang'ana dzenje la mafuta, navomera magawo anayi. Panganolo lidanenedwa mokweza, ngakhale Nkhono amene adafika mochedwa adamubwerezera.

Pomaliza Mfuko adafunsa, “Nanga chimanga chathu?”

“Chidawoloka nyanja kalekale,” adayankha Dokowe. “Ndipo makina kuti afike, aimikidwe, ayambe kupopa, papita mvula ziwiri.”

Nyama zonse zidatembenukira kwa a Nyani ndi a Njati. Akuluakulu awiriwo adangoyang'ana pansi, wina atagwira mkondo, wina chishango, zinthu zosaphikika.

Chaka chimenecho njala idaluma. Akuphiri adali ndi masuku ndi nthudza basi, akudambo adali ndi nyika zokumba m'madzi basi. Masuku okha amatsegula m'mimba, nyika zokha zimatopetsa. Ndiye adayamba kusinthana. Poyamba ankasiya madengu pamiyala nkuthawa. Kenaka ankadikirana. Kenaka wina adati, “Mwadzuka bwanji?” mnzake nkuyankha.

Mvula yachitatu mafuta adayenda m'mapaipi. Mlatho udamangidwa, chipatala chidatsegulidwa, ngakhale denga lake lidachedwa. Si zonse zidakoma. Paipi idaphulikapo kamodzi nkupha nsomba za m'dziwe lina, ndipo kamunda ka Mfuko sikadaberekenso. Iye ndi Nungu adapatsidwa ntchito yoyendera mapaipi pansi, kununkhiza pamene pakudontha. Ankayenda limodzi tsiku ndi tsiku, osacheza kwambiri, koma wina akadwala mnzake sankalowa pansi yekha.

Atakalamba, ana ankamufunsa Mfuko chimene adaona chachikulu m'moyo wake, akuganiza kuti atchula makina kapena malawi a gasi. Iye ankati ayi. Ankati chidali m'chaka cha njala, m'mawa wina wa mphepo, pamene adaona a Nyani, amene kale ankalamula asilikali zikwizikwi, atasenza dengu la masuku pamutu, ataima pamzere kumbuyo kwa mayi wina wamasiye, akudikira nthawi yawo kuti a Njati awapatse nyika.

Nthano yanga yafika pamene imagona, ana inu, ndipo mutolepo ichi: chuma chotuluka pansi chimamanga amene amachikambirana poyera, koma chimadya amene amachinong'onezana kuseri.