Telala Amene Anapinda Mtsinje

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo ankakhulupirira kuti chilichonse chimatheka kubweza. Buluku likatalika, kupinda. Diresi likathina, kumasula. Lendi itamukwana, anagula kamalo m'mbali mwa mtsinje, nalonjeza mkazi wake kuti dzinja likudzalo adzagona m'nyumba yawoyawo.

Maziko atangokumbidwa, kunatulukira mayi wa kukhonsolo ndi tepi yake yoyezera malo.

"Bambo, lamulo likuti musiye mamita makumi atatu kuchokera kumtsinje. Inu mwasiya asanu ndi anayi. Sunthani nyumbayi, apo ayi tidzaigwetsa."

"Mayi, za tepi musandiphunzitse," anatero telala, akusisita yake ya m'khosi. "Malaya akathina sitisema munthu, timakonza malayawo."

Mkazi wake anachonderera: "Bambo a kunyumba, kumtundaku malo alipo, tingozula zikhomo za mazikozi n'kukazikhoma kumeneko." Koma kumtundako kunalibe mthunzi wa mkuyu umene iye ankafuna kumasokerapo. Mutu uli gwa!

Anthuni, munthu uja anapinda mtsinje. Madzi atachepa m'chilimwe, anajambula mzere pansi ndi choko cholembera nsalu, naitana alamu ake atatu ndi makasu. Anakumba ngalande yokhotera kutali uko, khwawa lakale n'kulikwirira ndi mchenga ndi matumba a nsanza. Pokhoterapo anakhoma chikwangwani: MADZI, KHOTERANI KUMANZERE. Ataona kuti malo achuluka, anamanga pabalaza pamwamba penipeni pa khwawa lakalelo.

Mayi uja atabweranso, tepi inakwana mamita onse. Anagwira pakamwa.

"Mtsinje mwaupititsa kuti?"

"Tinakambirana, wasamuka."

"Ine sindisaina. Pamapu anga mtsinje ukudutsa pamene mwaika sofa wanuyo, ndipo kuupatutsa ndi mlandu winanso."

Telala anaseka chikhakhali, nati mapuwo akufunikanso kuwabweza.

Mvula yamphamvu inagwa masana, banja lili patebulo. Madzi anafika pachikwangwani chija, osachiwerenga n'komwe, nachisenza. Analowera khomo lakuseri ngati eni nyumba, nadutsa pabalaza, n'kutulukira kumaso atatenga khoma, sofa, makina osokera, ndi diresi la mkwatibwi wa Loweruka lomwelo.

Kutacha, mayi wa kukhonsolo anapeza telala atanjuta pamwamba pa tebulo, madzi akuyenda pansi pake.

"Mayi, mwafika bwino! Ulembeni mlandu mtsinjewu. Ndi umene waphwanya lamulo, wandiyandikira wokha!"

Mayiyo tepi sanaitambasule n'komwe, panalibe choyeza.

Mkazi wa telala sanaseke. Ankamanga m'nsalu mapoto amene anatsala, misozi ili mbwembwembwe, poti ankabwerera kukagogoda kwa mwini nyumba ya lendi yemwe anamutsanzika monyada uja. Atasenza katunduyo anacheuka.

"Zikhomo zinayi zokha, bambo. Mukanazula zikhomo zinayi, bwenzi lero ndikusesa m'nyumba mwanga."

Telala anayang'ana tepi yake ya m'khosi. Akuluakulu sananame: madzi saiwala khwawa.