Phazi Logontha la a Mlongoti

Ndikulumbira pali manda a amayi anga, mphezi ing'ambe thalauza lomwe ndavalali ngati muli bodza m'zimene ndikambezi!

Panali munthu wina, a Mlongoti, amene matenda a shuga adawapha mapazi. Kuyenda ankayenda, koma kumva ayi. Akaponda khala la moto ankadziwira fungo.

Kuchipatala adawapatsa kanthu koyala m'nsapato, kopyapyala, kofewa ngati chingamu. Akuti ndi pulasitiki wosakaniza ndi fumbi longa mwaye, timibulu tosaoneka ndi maso. Chinthu chikadinda kwambiri malo amodzi, timibuluto timakhudzana, magetsi n'kudutsa, foni n'kulira.

"Bambo, phazi lanu ndi logontha," adatero adokotala. "Aka kazikumverani ululu. Foni ikalira, khalani pansi, vulani nsapato, muone."

Lidafika tsiku la chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo. A Mlongoti ndiwo adali nkhoswe yakuchimuna. Adatchena, jekete mpaka tayi. Akudutsa pachisakasa chimene chidakhomedwa m'mawa womwewo, tambala ali m'manja kuti akapereke kwa akuchikazi, foni m'thumba idayamba: pyee! pyee!

Bwalo lonse lidafa nacho chiseko. Mayi wina wakuchikazi adakuwa, "Ankhoswe, mwabwera ndi atambala angati? Winayo mwabisiranji m'thumba?"

Akazi awo, a Nangozo, adawakoka jekete. "Abambo, takhalani pansi muvule."

"Ndivule nsapato pamaso pa akuchikazi onsewa? Mayi, mwapenga?"

Adaitulutsa foniyo n'kuithimitsa. Kudangoti zii. Tambala adapereka, msoti adalandira, ndipo adavina mpaka dzuwa kupendeka. Anthu adati nkhoswe yotere sinaonekepo.

Atafika kunyumba, a Nangozo adagwada kuti awavule nsapato. Yakumanzere idatuluka. Yakumanja idakana. Adakoka, ayi ndithu. Ataitembenuza kuti aone kunsi, adaona mutu wa msomali wa pachisakasa paja. Udaboola nsapato, udaboola kanthu kaja, n'kulowa wonse m'phazi. Sokosi idali chinyowere ndi magazi.

A Nangozo adalira mokuwa, "Mayo ine!" Oyandikana nawo adathamangira, aliyense n'kugwira pakamwa. Mwini phazi adangoti, "Kodi mukulirira chiyani?" Mpaka adachita kuwabweretsera galasi kuti aone okha.

Bala la munthu wa shuga silimva mankhwala msanga. Lidatupa, lidada, lidayamba kununkha. Phazilo madokotala adalidula.

Ali chigonere m'chipatala, a Mlongoti adayatsa foni ija. Kulira konse kumene idasunga tsiku lija kudatuluka nthawi imodzi. Magalasi a mawindo adasweka, odwala adathawa ndi madiripi m'manja, ngakhale wa mwendo wothyoka adapezeka ali pamsika.

Tsono iwe ukumvawe, pali penapake pamene unagontha, ndipo pali wina amene amakumvera ululu pamenepo. Mwina mkazi wako, mwina mnzako uja umati ngwamwano. Salira pa nthawi yabwino ameneyo, amalira pagulu, utavala tayi. Usamuthimitse. Khala pansi, vula nsapato. Okuseka amaiwala akangofika kwawo, koma phazi si chinangwa choti ukadula chiphukanso.

Zoti odwala adathawa ndi madiripi, eya, pamenepo ndathirako mchere. Koma a Mlongoti nsapato amagula ziwiri, kuvala imodzi.